Yakaleyo yafa?

Kamera yanga ndi Nikon D3300. Mtundu umenewu unatuluka mu 2014, chaka chimene ine ndinkalemba mayeso a Folomu 4, ndipo pomwe inkafika m'manja mwanga inali itatumikira kale munthu wina ku Joni. Ndi imene yandidyetsa chimalizireni digiri ya utolankhani ku Poly, makalata ofunsira ntchito akungopita osabwerera. Ndajambula nayo maukwati ku Luchenza, zinkhoswe ku Bvumbwe, makwaya a amayi a Mvano, ophunzira a ku MUST atavala mikanjo yawo, ndiponso akwati amene amakakamira kuti chithunzi chawo chikhale pakati pa tiyi, diresi loyera mbuu pamwamba pa masamba obiriwira. Kwa miyezi isanu ndi itatu tsopano ndakhala ndikugona ndi funso limodzi, kudzukanso nalo: ndiisinthe kapena ayi? Nanga ndikati ndisinthe, ndigule iti, ndi ndalama ziti?

Kwa inu amene simujambula, ndifotokoze pang'ono. Kamera ngati yangayi ili ndi zigawo ziwiri zimene zimagulidwa padera. Pali lenzi, galasi la kutsogolo lija. Ndiye pali body, chibokosi chimene timagwira m'manjachi, momwe muli sensa yolandira kuwala, batire, khadi yosungira zithunzi ndi nzeru zonse za makinawo. Lenzi yabwino ukhoza kusiyira mwana wako. Body imakalamba ngati foni: zaka zingapo zikangodutsa, yatuluka ina, ndipo iwe umayamba kuiyang'ana yakoyo ndi diso lam'mbali.

Kunja kuno anthu amasintha body ngati nsapato. Kwathu kuno ndi nkhani ya banja lonse. Kamera imagulidwa ndi madola kapena maranda, pomwe ukwati ndimalipidwa makwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kutanthauza kuti ndalama imene ndinkasunga inkachepa ili chigonere mu akaunti, kamera imene ndinkaifuna ikuthawa ngati kabaza wotsetsereka. Pamwamba pa izo mng'ono wanga ali Folomu 3 pa sukulu yogonera konko, ndipo fizi yake imatuluka m'thumba lomweli.

Amayi anga anathyola tiyi zaka 19 pa esiteti ina konkuno, dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, kuyambira mame asanaume mpaka kusikelo. Mpaka lero ndalama iliyonse amaiwerengera m'makilo. Nditawatchulira mtengo wa kamera imene anzanga ankandiuza, anakhala kaye chete, ndipo ndinadziwa kuti akusandutsa ndalamayo kukhala madengu.

"Yakaleyo yafa?"

"Ayi mayi, ikugwira ntchito bwinobwino."

"Ndiye mitala ya chiyani iwe?"

Ndinaseka, koma funso lawo linali lolemera kuposa mavidiyo onse a pa YouTube amene ndinathera bandulo. Munthu amene sanagwirepo kamera anafunsa chinthu chimene akatswiri aja safunsa: kodi chimene uli nachocho chikulephera chiyani?

Mayesero alipo, ndipo si abodza. Pa gulu lathu la ojambula pa WhatsApp nyimbo ndi imodzi: "Aise, DSLR inatha, lowa mirrorless." Ali ndi mfundo. Chiyambire 2020 Nikon sanatulutsenso DSLR yatsopano, mphamvu zonse anazipititsa ku makamera opanda kalilole mkati. Makamera amenewa amatha kusaka okha diso la munthu n'kuligwira, ndipo chimene ukuona usanadine ndi chimene chituluke. Palinso nkhani ya maonekedwe. Ku ukwati wina mkulu wa komiti anayang'ana kamera yanga n'kundifunsa ngati yaikuluyo ikubwera m'mbuyo. Makasitomala ena amalipira kukula kwa chimene wanyamula asanaone n'komwe chithunzi. Koma ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinafuna njira yoyankhira amayi ndi umboni.

Ndiye ndinatsegula mafoda a chaka chonse chatha n'kuyang'ana zithunzi zimene sindinapereke kwa eni ake. Zabwino zija zinali zitapita kale, sizikanandiuza kanthu. Ndinkafuna kudziwa chimene chinapha zinazo. Ndinazigawa m'milu.

Choyamba chimene ndinaona n'choti panalibe mulu wa ma megapixel. D3300 ili ndi 24. Chithunzi cha pepala la A4, chotsukidwa mwaukatswiri, chimafuna osakwana 9. Cha pa Instagram chokhala ndi timadontho 1080 m'lifupi sichifika n'komwe pa 2, ndipo WhatsApp, kumene zithunzi zanga zambiri zimathera, imazifinya mpaka kutsala mafupa. Wogulitsa akamakunyengererani ndi nambala imeneyi, dzifunseni kuti munatsukitsa liti chithunzi chachikulu ngati chitseko.

Mulu woyamba unali wa mdima: matchalitchi a timawindo tating'ono, maholo amene magetsi azima pakati pa mwambo. Mulu umenewu unali waung'ono, chifukwa mankhwala ake ndinagula kale mu 2022, ndipo sanali body. Lenzi imene imabwera ndi kamera, ya 18-55, ukaikoka mpaka kumapeto imatseguka kufika f/5.6 basi. Ya 35mm imene ndinagula imatseguka mpaka f/1.8, ndipo pamenepo imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Inali ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi body iliyonse. Ngati vuto lanu ndi mdima ndipo mukadali pa lenzi yoyamba ija, siyani kaye kuwerenga za ma body. Yambani ndi galasi ndi flash.

Mulu wachiwiri unali wa anthu oyenda. Mkwatibwi akulowa movina, azakhali akuponya ndalama pa pelekanipelekani, madoda a tchopa akutembenuka ndi katundu wawo kumsana. Apa ndiye kamera yanga imagonja. Ili ndi timadontho 11 tosakira pomwe chithunzi chikhale chakuthwa, ndipo kamodzi kokha, kapakati, ndi kamene kali kodalirika kuwala kukachepa. Munthu akachoka pakati, lenzi imayamba kusakasaka, n'kukagwira khoma la kumbuyo. Mulu umenewu unali waukulu, ndipo m'katimo munali zithunzi zimene zinandiwawa: agogo a mkwati akuseka ndi mkamwa monse, nkhope ili mbuu ngati ukuwaonera m'madzi.

Mulu wachitatu unalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Ndi wa masiku amene kamera inatsala m'chikwama. Amene mumadziwa Thyolo mukudziwa kuti tiyi amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira December mpaka cha mu April, ndipo ndi pamene m'minda mumadzaza anthu. Miyezi yozizira kumabwera chiperoni, kamvula kosamveka kugwa koma konyowetsa mpaka m'mafupa, nkhungu itaphimba phiri, mizere ya tiyi ikusowa pang'onopang'ono m'mwamba. Kuwala kwa masiku amenewo n'kofewa, kulibe mithunzi yakuda pansi pa maso, khungu lathu limatuluka mmene lilili. Ndi masiku abwino kwambiri kujambula, ndipo ndi masiku amene D3300, yopanda timphira totchinga madzi, ndimaikulunga m'jumbo n'kumaibisa m'jekete ngati khanda. Kamera imene imaopa chiperoni ku Thyolo ili ngati msodzi woopa mwera: masiku ambiri amathera kumtunda.

Kupatula milu imeneyi panali mantha awiri. Oyamba ndi a khadi. Kamera yanga ili ndi malo a khadi imodzi. Mnzanga wina khadi inamufera atajambula ukwati wonse ku Limbe, kuyambira kutchalitchi mpaka kudula keke. Anabweza ndalama, koma ukwati subwerezedwa, ndipo dzina likaipa pa gulu limodzi la amayi laipa boma lonse. Achiwiri ndi a shutter, kachitseko kamene kamatsekuka ukadina. Makamera a gulu la yangayi anapangidwa kuti kachitsekoka kapirire maulendo ngati 100,000. Kanga kadutsa 83,000. Kakhoza kupitirira, kakhozanso kuima Loweruka lina m'busa akuti "mutha kuvekana mphete". Pa zinthu ziwirizi ndinapeza yankho loyamba la amayi: yakaleyo sinafe, koma ili yokha, ndipo tsiku limene idzafe idzafera pa ntchito ya munthu.

Kenaka panatsala mulu wachinayi, umene unandisowetsa tulo kuposa yonse. Pambali pa maukwati, kwa zaka zitatu ndakhala ndikujambula anthu othyola tiyi, ntchito yanga ndekha, yopanda wondituma. Zithunzi za mulu umenewu zinali zakuthwa, kuwala kuli bho, mitundu ili m'malo. Koma zinali zofanana ndi za pa makalendala: phiri kumbuyo, mizere yobiriwira, ndi munthu wamng'ono patali atatembenukira kwina, dengu kumsana. Palibe body pa dziko lapansi imene ingakonze zimenezo.

Chithunzi cha msana chimenechi n'chakale kuposa ine. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'ma 1890, n'kudzafika kuno pambuyo pake. Satemwa inayamba mu 1923 ndi Maclean Kay, ndipo maina ngati Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa takula tikuwamva ngati maina a midzi. Manja ambiri amene anatsegula minda imeneyi anali a makolo athu Achilhomwe ochokera ku Mozambique, amene ankapatsidwa pokhala pa malo a azungu posinthana ndi thangata, ndondomeko imene inathetsedwa mwalamulo mu 1962. Zaka zoposa 100 anthu akujambula minda ya Thyolo, ndipo ojambula ambiri ankabwera kudzaona kubiriwira. Wothyola ankalowamo ngati chokometsera. Amayi anga akuti anajambulidwa kangapo ndi alendo oima pamsewu. Sanaonepo chithunzi chawo ngakhale chimodzi.

Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbukira Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku wa ku Blantyre Mission amene amatchulidwa kuti ndi woyamba mwa Amalawi ojambula zithunzi. Ndi amene anajambula John Chilembwe ndi banja lake ku Chiradzulu, boma loyandikana nafe. Kamera yake inalibe batire, inalibe chosakira diso, ndipo foni ya K50,000 ingaiseke. Koma anthu a m'zithunzi zake amakuyang'ana m'maso, atavala zimene anasankha okha, ataima mmene anafunira kuti adzakumbukidwe. Anamulola kufika pafupi.

Kufika pafupi kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi makwacha enieni. Minda ili ndi eni ake, umayenera kupempha kaye chilolezo ku ofesi, kulankhula ndi akapitawo, kubwerera kachiwiri ndi kachitatu pa kabaza. Anthu amene amalipidwa potengera kulemera kwa dengu alibe nthawi yoimira munthu wa kamera, ndiye umawapeza kukomboni madzulo kapena Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Funso lawo loyamba silisintha: "Achimwene, mukagulitsa kwa azungu eti?" Yankho lokha limene amakhulupirira ndi envelopu. Ukabwerera ndi chithunzi chotsukidwa, n'kuchipereka m'manja, ulendo wotsatira amakuitana okha, n'kukubweretsera anganga awo kuti nawonso ajambulidwe. Ndaonanso kuti kamera ikakula, ndi chilenzi chachitali, nkhope zimauma. Kakamera kanga kakang'ono, ndi 35mm imene imandikakamiza kuima pamtunda wopatsana moni, anthu sakaopa.

Choncho ndalama imene ndinasunga inali ndi eni atatu: body, fizi, ndi maenvelopu. Ndi maso amenewa ndinayang'ananso makamera amene ndinkasirira.

Nikon Z50 ya 2019 ndi mirrorless yopepuka, yosaka diso. Koma malo a khadi ndi amodzi, ndiye mantha anga aakulu akanatsala pomwepo. Malenzi anga sangalowepo popanda kachipangizo kolumikizira kotchedwa FTZ, kogula padera. Batire lake limajambula zithunzi ngati 300, pomwe la D3300 limafika 700. Kumalo kumene magetsi amatha kuchoka m'mawa n'kubwera usiku, nambala imeneyo ndi yofunika kuposa ma megapixel.

Z5 ya 2020 ndi D750 ya 2014 zonse ndi full frame, sensa yaikulu, zimaona bwino mumdima, ndipo zili ndi malo a makhadi awiri. Mtima wanga unali pamenepo, sindinama. Koma walira mvula walira matope. Malenzi anga onse ndi a DX, opangidwira sensa yaing'ono. Ukawaika pa full frame kamera imadula m'mbali, pa 24 megapixel paja n'kutsala pafupifupi 10. Kuti ndidye phindu la sensa yaikuluyo ndiyenera kugulanso magalasi. Mtengo wolembedwa pa body ndi chikole chabe, ukwati weniweni ukubwera.

Inatsala ndi D7200, ya 2015, imene palibe aliyense pa gulu lathu anaitchula chifukwa siyopatsa ulemu pa status. Zithunzi zake n'zofanana kukula ndi za kamera yanga, 24 megapixel, ndipo munthu atayang'ana ziwiri zojambulidwa masana sangadziwe kuti iyi ndi iti. Koma taonani milu ija. Timadontho tosakira ndi 51, ndipo 15 mwa ito ndi todalirika tija, togwira ngakhale kuli kamdima. Ili ndi timphira totchinga fumbi ndi chinyontho. Sikuti ndi yosambira nayo, koma chiperoni ipirira. Malo a makhadi ndi awiri, ndipo ukhoza kuiuza kuti chithunzi chilichonse izilemba pawiri. Kachitseko kake kanayesedwa kufika 150,000. Batire limodzi limapitirira zithunzi 1,000. Malenzi anga alowa mmene alili. Kuipa kwake n'koti ndi yolemera ndi magalamu pafupifupi 300, ndipo khosi lidzadziwa pofika madzulo. Ndiponso chifukwa kunja anthu akuthamangira mirrorless, ma DSLR abwino akugwera pa kaunjika. Ife a kaunjika timadziwa kuti jekete labwino limapezeka mwini wake akatengeka ndi fasho.

Kagulidwe kake nakonso n'kofunika, pakuti kamera yogwiritsidwapo kale ili ngati mkuyu, kukoma kunja. Msuweni wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndinamulembera zoti achite asanatulutse randi ngakhale imodzi. Ajambule chithunzi chimodzi n'kunditumizira fayilo yake yosafinyidwa, chifukwa makamera a Nikon amalemba chiwerengero cha shutter m'kati mwa fayilo, ndipo pamenepo wogulitsa sanganame. Ajambule thambo loyera pa f/16 kuti madontho ndi mikwingwirima ya pa sensa zionekere. Alowetse khadi m'malo onse awiri. Aunike ndi tochi ya foni ngati mulibe nkhungu, matenda amene kuno ku chinyontho timawadziwa bwino, n'chifukwa chake zida zanga zimagona m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica. Afunse chaja yake yeniyeni. Ndipo atenge lisiti lokhala ndi nambala ya kamerayo, chifukwa katundu wotchipa mopitirira nthawi zina amakhala ndi mwini wake amene akulira kwina, komanso pa boda ku Mwanza pamafunika pepala powerengera msonkho, umene ndinauika kale mu bajeti.

Katapila ndinamukana, ngakhale analipo wondilonjeza kuti mawa lomwe ndalama ipezeka. Kamera ya ngongole imakusandutsa wantchito wake: umayamba kuvomera ntchito iliyonse pa mtengo uliwonse, n'kugwetsa mitengo ya anzako onse. Ndalamayi yachokera m'maukwati asanu a nyengo yapitayi ndi gawo langa la banki m'khonde. D3300 sindigulitsa. Imene ndingapeze poigulitsa siingafike pa mtengo wa mtendere umene ndidzakhale nawo podziwa kuti m'chikwama muli ina. Pa ukwati izikhala paphewa lina ndi lenzi ina. Kukomboni, kumene kakamera kakang'ono kamalandiridwa bwino, izipita ndi iyoyo. Nditawafotokozera amayi zonsezi anangoti, "Basi ndi mitala ndithu, koma bola wamkuluyo usamutaye."

Mwina kwa inu yankho likhala lina. Wojambula mavidiyo a nyimbo ku Blantyre ali ndi chifukwa chomveka chofunira mirrorless. Wojambula mbalame m'nkhalango ya phiri la Thyolo akufunika lenzi yaitali asanaganize za body. Wina amene kamera yake imangotuluka pa Khirisimasi sakufunika kanthu. Milu yanu muidziwa nokha mukatsegula mafoda anu, ndipo ndikukupemphani kuti muwatsegule musanatsegule tsamba la ogulitsa.

Msuweni wapeza ina imene yajambula 21,000 yokha, ya bambo wina wopuma ntchito amene ankajambula nayo zidzukulu. Ikwera basi kumapeto kwa mwezi uno, kudzera ku Tete. Fizi ya teremu ikubwerayi ndalipira kale. Yotsalayo ndaipatula kuti ikhale yotsukira zithunzi 60 ndi kabaza wa miyezi itatu. Pali amayi asanu ndi mmodzi, ena anathyolapo mzere umodzi ndi amayi anga, amene avomera kuti mvula ikayamba mu December ndidzalowe nawo m'munda m'mamawa, ndiime kutsogolo kwawo. Mmodzi wandiuza kale kuti tsiku limenelo adzamanga duku lake la ku Mvano pansi pa pulasitiki, ndipo ndisadzadine asanalikonze.